Ngongole ya ku Dzaleka

Masiku ano dzina la Dzaleka likatchulidwa, anthu amaganiza za othawa kwawo oposa 50,000 ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda amene athithikana pamtunda wozizira uja m'boma la Dowa. Alendowa anayamba kufika mu 1994. Malowo anali asanazizire n'komwe, chifukwa kwa zaka zambiri m'mbuyomo panali ndende yosungirako Amalawi amene boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linkawaona ngati zigawenga.

Ndendeyi inayamba kutchuka utatha mkangano wa nduna wa 1964 ndi kuukira kwa Henry Chipembere mu 1965. Malamulo a chitetezo a nthawiyo ankalola kutsekera munthu osamutengera kukhothi, osamuuzanso tsiku lotuluka. Mu 1966 kunabwera lamulo lina, Forfeiture Act, lopatsa boma mphamvu yolanda nyumba, sitolo kapena galimoto ya aliyense amene lamuloza chala.

Koma amene anadzaza Dzaleka mpaka kusefukira ndi a Mboni za Yehova. Mpingo wawo unaletsedwa mu Okutobala 1967, ndipo mlandu wawo waukulu unali kukana kugula khadi la chipani, kakhadi kamene munthu ankafunsidwa polowa mumsika ngakhale pokwera basi. Mu 1972 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unagamula kuti anthuwa achotsedwe ntchito ndi kupirikitsidwa m'midzi. Ayufi ndi apayoniya anagwira ntchitoyo mosanyinyirika: nyumba ndi nkhokwe zinatenthedwa, ziweto zinatengedwa, amayi anagwiriridwa, anthu ena anaphedwa. Zikwizikwi zinathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, kenako ku Mlangeni ku Mozambique. Atabwezedwa kumudzi mu 1975, ambiri anagwidwa, ndipo mabuku a mpingowo amati pafupifupi 5,000 anatsekeredwa m'ndende, ambiri a iwo ku Dzaleka, ena ali ndi makanda kumsana. Amene amaidziwa mphepo ya ku Dowa m'mwezi wa Juni safunika kuuzidwa zambiri. Chiletsocho chinachotsedwa mu Ogasiti 1993, itangochitika riferendamu.

Olemba malamulo aakulu a dziko a 1994 sanaiwale anthu otere. Anakhazikitsa bwalo lapadera, National Compensation Tribunal, lotsogozedwa ndi jaji, kuti lizimva madandaulo a ozunzidwa ndi boma lakale ndi kuwapatsa chipukuta misozi. Papepala zinali zokoma. Koma malamulo omwewo anatseka khomo lina: munthu sankaloledwa kukasumira boma kukhothi wamba pa nkhanza zakalezo asanadzere kubwaloli. Analipatsanso zaka khumi zokha. Ndalama zolipirira anthu zinkadalira zimene Boma lapatula chaka chimenecho, ndipo zinkabwera modontha.

Panalinso vuto la umboni. Mlimi wa ku Malomo ku Ntchisi amene ng'ombe zake zinaphedwa ndi kudyedwa mu 1972 akanaonetsa lisiti yanji? Womangidwa popanda mlandu analibe chikalata cha khothi chosonyeza kuti anamangidwapo. Ngakhale zinali choncho, madandaulo pafupifupi 25,000 analembedwa. Pofika kumapeto kwa ntchito ya bwaloli, olipidwa mokwanira anali osakwana 400. Ena zikwi zingapo anangolandira kandalama koyembekezera, n'kuuzidwa kuti zotsalazo zibwera.

Kunja kuno nkhani yolipira ozunzidwa ili ndi chitsanzo chodziwika. Pa 10 Sepitembala 1952, mumzinda wa Luxembourg, mtsogoleri wa West Germany Konrad Adenauer ndi nduna ya zakunja ya Israel Moshe Sharett anasayina pangano lokhudza Ayuda pafupifupi 6 miliyoni amene chipani cha Nazi chinapha, komanso chuma chimene chinalandidwa. Germany inalonjeza mamaki 3 biliyoni ku Israel ndi ena 450 miliyoni ku bungwe loimira opulumuka la Claims Conference. Ayuda ambiri anakwiya nalo panganolo, ponena kuti magazi a abale awo sagulidwa, ndipo ku Jerusalem kunachitika zipolowe panganolo lisanasayinidwe n'komwe. Komabe ndalamazo zinatchulidwa kuchuluka kwake, zinaperekedwa, ndipo bungwelo likukambiranabe ndi boma la Germany mpaka lero pa za opulumuka okalamba. M'misasa ya Nazi yomweyo munalinso a Mboni za Yehova, ovekedwa chizindikiro cha mtundu wa pepo.

Wina anganene kuti Malawi si Germany, ndipo n'zoona: nkhanzazo sizifanana kukula, chuma cha mayiko awiriwa n'chotalikirana. Koma mfundo yakuti boma latsopano limasenza ngongole ya boma lakale inanenedwa pa nkhani ya Malawi yeniyeni. Bungwe la African Commission on Human and Peoples' Rights linatero poweruza madandaulo okhudza Aleke Banda komanso Orton ndi Vera Chirwa. Dr Banda nayenso, mu Januwale 1996, anapepesa pa zowawa zimene anthu anakumana nazo mu ulamuliro wake, ngakhale sanavomere kuti analamula ndi iye.

Mu 2017 Ombudsman Martha Chizuma anatulutsa lipoti lotchedwa Malawi's Unhealed Wounds, limene linapeza kuti bwalolo linatsekedwa anthu zikwizikwi asanalipidwe, ndipo linauza boma kuti likonze zowalipira. Munthu amene analowa ku Dzaleka mu 1975 ali ndi zaka 25, lero wapitirira zaka 70, ndipo anzake ambiri anamwalira makalata awo odandaula ali m'thumba. Aphungu a ku Dowa ndi Ntchisi afunse m'Nyumba ya Malamulo kuti mndandanda wa odandaulawo uli kuti, atsala angati, ndipo ndalama zawo zili pa tsamba liti la bajeti.