Manja ndi mpweya: mmene a ku Japan akhala akufewetsera mapewa ouma

Khosi louma lija, ndi mapewa olemera ngati mwatula kumene thumba la chimanga, si vuto lanu nokha. Ku Japan analipatsa dzina lakelake, amati katakori, ndipo kwa zaka mazanamazana akhala akulimbana nalo ndi zinthu ziwiri zosagula: manja ndi kapumidwe.

Luso lawo lotikita thupi, lotchedwa anma, linachokera ku China. Malamulo a dzikolo a m'chaka cha 701 anali ataika kale mphunzitsi wa anma pakati pa madokotala a kunyumba yachifumu. Koma amene analifikitsa kwa anthu wamba ndi anthu osaona. Sugiyama Waichi, yemwe anasiya kuona ali mwana ndipo anamwalira mu 1694, anathandizapo wolamulira wa dzikolo, Tokugawa Tsunayoshi, natsegula sukulu yophunzitsa osaona anzake kutikita ndi kubaya tisingano. Kuyambira pamenepo, kukada, otikita osaona ankayenda m'misewu akuliza chitoliro, ndipo amene thupi likumuphwanya ankangotsegula chitseko n'kuwaitana.

Amene ndikufuna mumudziwe bwino, inu amayi, ndi Kagawa Gen'etsu wa mumzinda wa Kyoto, wobadwa mu 1700. Ankapeza chakudya potikita anthu, ndipo ena mwa iwo anali amayi oyembekezera. Masiku amenewo aliyense ankakhulupirira kuti mwana amakhala choimirira m'mimba, mutu kumwamba, n'kudzatembenuka matenda akayamba. Manja a Kagawa ankamuuza zina. Pogwira mimba zambirimbiri, anapeza kuti m'miyezi yomaliza mwana amakhala atazondoka kale, mutu uli pansi, ndipo anazilemba m'buku lake la Sanron mu 1765. Anadzudzulanso miyambo iwiri ya kwawo komweko: kumanga mimba ndi nsalu mothina, ndi kukhazika mayi wongochira kumene pampando kwa masiku angapo osamulola kugona pansi. Ine chimandisangalatsa n'chakuti sanateteze mwambo chifukwa choti ndi wa makolo. Anakhulupirira zimene zala zake zinamva. Namwino akamakugwirani pamimba kusikelo kufuna kudziwa kumene kuli mutu wa mwana, ntchito yake ndi yomweyo.

Za kapumidwe zinadzera njira ina. Mmonke wina wa Chibuda, Hakuin, anadzipanikiza ndi kusinkhasinkha ali mnyamata mpaka anadwala. Mutu unkatentha, miyendo ili zii, m'makutu muli phokoso, mantha osadziwika kochokera usana ndi usiku. Ambiri a inu mukuzidziwa zimenezi, makamaka fizi ikafunika, ufa uli pafupi kutha. M'buku lake la mu 1757, Yasenkanna, anafotokoza chimene chinamuthandiza: kugona chagada, kutambasula miyendo, n'kumapumira kumunsi kwa mchombo m'malo mwa pachifuwa. Ankaganiziranso ngati pamutu pake aikapo batala wofewa wamkulu ngati dzira, amene akusungunuka n'kumatsikira m'mapewa, m'msana, mpaka kumapazi. Anakhala ndi moyo zaka zoposa 80.

Shiatsu, dzina limene mwina munalimvapo, ndi la posachedwa, ndipo limatanthauza kusindikiza ndi zala. Amene anaitchukitsa, Namikoshi Tokujiro, anayamba ali ndi zaka 7 pa chilumba chozizira cha Hokkaido. Mayi ake ankavutika ndi nyamakazi, kumudziko kunalibe dokotala, ndiye ana ankasinthana kuwasisita. Mwanayo anaona kuti mayi akewo ankamva bwino akamasindikiza malo ouma ndi chala chachikulu kusiyana ndi kungopaka dzanja pamwamba. Anatsegula sukulu yake ku Tokyo mu 1940. Lero ku Japan munthu sangagwire ntchito ya anma kapena shiatsu asanaphunzire zaka zitatu ndi kukhoza mayeso a boma.

Nanga zimagwiradi ntchito? Akale aja ankati m'thupi muli tinjira toyendamo mphamvu yotchedwa ki. Tinjira timeneti madokotala sanatipeze. Chimene chikudziwika n'chakuti kutikita kumafewetsa minofu yokungika ndi kuchepetsa ululu kwa kanthawi, ndipo kupuma pang'onopang'ono, makamaka kutalikitsa potulutsa mpweya, kumatsitsa kugunda kwa mtima, thupi n'kukhala m'malo. Nyamakazi sikuichotsa, BP sikuichiza, ndipo ngongole ikhalapobe m'mawa. Komabe tulo tabwino si kanthu kochepa.

Mukafuna kuyesa, gonani pamphasa, dzanja pansi pa mchombo. Kokani mpweya ndi mphuno mpaka dzanja likwere, kenako tulutsani pang'onopang'ono ngati mukuuzira phala la mwana. Mphindi zisanu zakwana. Pamapewa, wina asindikize ndi chala chachikulu pamnofu wa pakati pa khosi ndi phewa, awerenge mpaka 5, asiye, asunthire pena. Osasindikiza pafupa la msana kapena kutsogolo kwa khosi, ndipo kukapweteka kwambiri nenani asiye.

Pali nthawi zina zimene manja ayenera kukhala kutali. Khosi likauma pamodzi ndi kutentha thupi ndi mutu waukulu, makamaka kwa mwana, thamangirani kuchipatala, angakhale matenda oumitsa khosi. Mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka pakatumba, makamaka mayi atangochira, musautikite: mwina magazi aundana mumtsempha, ndipo akhoza kuthawira kumapapo. Mimba ya mayi woyembekezera musaikanye pofuna kutembenuza mwana. Ndipo nkhawa ikafika pokukanikitsani kudya, kugona kapena kusamalira khanda, kanenani kuchipatala, thandizo lilipo.

Ku Japan mpaka lero, pa tsiku la amayi, ana ena amadula timapepala n'kulembapo lonjezo loti adzawamenya amayi awo pamapewa ndi tinkhonya tofewa. Mayi akatopa amangotulutsa kapepala kamodzi, mwana n'kubwera kudzalipira ngongole yake.