Matekenya ku Chintheche: phazi la wodwala ndi mlandu wa uve

Mwana akamayenda motsimphina chifukwa cha matekenya, anthu amafulumira kunena kuti kwawo ndi kwa uve. Mbiri ya kachilomboka imatsutsa chiweruzo chimenechi. Matekenya ndi alendo mu Africa muno: kwawo ndi ku South America, ndipo olemba mbiri ambiri amati anafika mu 1872 pa doko la Ambriz ku Angola, atabisala mumchenga wolemeretsa sitima ya Thomas Mitchell yochokera ku Brazil. Kuchoka kumeneko anatsata njira za amalonda ndi amtengatenga, mpaka m'zaka za m'ma 1890 anafika kuno kunyanja. Atonga a ku Chintheche ndi Bandawe anali anthu oyenda, ogwira ntchito ku African Lakes Company, okhala pagombe la mchenga wouma ndi wofunda womwe nthata imeneyi imaswana bwino. Munthu wosamba kawiri patsiku m'nyanja amalowedwa thekenya chimodzimodzi, bola aponde pansi wopanda nsapato.

Dr Robert Laws anakhazikitsa mishoni ya Bandawe mu 1881 ndipo ankachiritsa odwala kumeneko, koma matenda olowa chala ndi chala, khomo ndi khomo, sakanadikira dokotala. Chipatala chenicheni cha matekenya chinali pakhonde: mayi kapena agogo atagwira munga, kenako singano kapena phini, kutumbula khungu mosamala kuti thumba la mazira lituluke lathunthu. Thekenya lalikazi likalowa limafufuma kufika ngati njere ya nandolo, ndipo likaphulikira m'kati bala limachita mafinya. Luso limeneli linabadwa chifukwa wodwala amadziwa chimene chikumuvuta: kuyabwa kosagonetsa, zikhadabo zopindika, zipsera za kuchidendene, ndi manyazi ovula nsapato pamaso pa anzake.

Azaumoyo amati phini ndi woopsa, ndipo sakunama. Chida chosawiritsa chimalowetsa kafumbata, ndipo phini mmodzi wozungulira banja lonse angathe kufalitsa matenda a m'magazi. Palafini amene ena amathira pabala amawotcha khungu. Koma kuletsa phini osapereka china m'malo mwake n'kumuuza munthu kuti agone ndi thekenya lake milungu inayi kapena kuposerapo mpaka life lokha. Mafuta a dimeticone, amene amapha kachilomboka pokatseka mpweya popanda kucheka, aonetsa kuti amagwira ntchito m'kafukufuku wa ku Kenya ndi Uganda, ndipo bungwe la WHO limawerengera matekenya pa matenda onyalanyazidwa. Mankhwala otere amathandiza pokhapokha wodwala atulukira poyera, ndipo mwana amene wamva kuti matekenya ndi a anthu auve amabisa phazi lake mpaka chala chitayamba kuola. Ngakhale atachira, akabwerera m'nyumba ya dothi losazira, mmene agalu ndi nkhumba zimayandikira, mazira amamudikira m'fumbi lomwelo.