GASIKETI YA KATONI: MBIRI YA AMAKANIKA A KU CHILWA

Ya lero ndi yaitali, ndiye amene batire yatsala pang'ono yambani mwatchaja.

Sabata yatha pa doko la Swang'oma mnyamata wina anandipeza nditakhala pa bwato lovundikira, ndikudula gasiketi pa katoni ya sopo. Anaseka, amvekere, "Aise, injini ya mamiliyoni mukuyiika katoni? Zaumphawi izi." Sindinamuyankhe, mpeni unali m'manja. Koma mawu ake ndagona nawo masiku angapo. Kuti ndi zaumphawi sindikukana. Chimene iyeyo sakudziwa n'choti katoniyo ali ndi mbiri, ndipo mbiri yake ndi yaitali kuposa zaka zake ndi zanga kuphatikiza.

Tiyambire kutali pang'ono. David Livingstone anafika pa nyanja ya Chilwa mu April 1859, ndipo anafika wapansi. Sitima yake ya Ma Robert anaisiya pa Shire, kwa Chibisa. Sitimayo inali yodwaladwala, inkadya nkhuni ngati ng'anjo ya njerwa, pansi pake dzimbiri linkaboola, moti azungu eni akewo ankaitcha yamphumu. Inamira mu 1860. Kenako mu 1875 kunabwera Ilala yoyamba. Itafika pa mathithi a Shire anaimasula yonse, anthu akuda n'kuisenza pamutu zidutswazidutswa, n'kukaimanganso kumtunda kwa mathithiwo. Chauncy Maples nayo inachoka ku Glasgow ili zidutswa 3,481, n'kuyandama pa nyanja ya Malawi mu 1901. Ku sukulu anatiphunzitsa mayina a azungu okhaokha. Ine chimene ndimaonapo n'chakuti makina analowa m'dziko muno ali omasula, ndipo kuyambira tsiku loyamba panafunika munthu wogwira sipanala.

Tibwerere kwathu. Chilwa si Malawi. Amakanika anzathu a ku Monkey Bay ndi ku Nkhata Bay amagwira injini zoyenda m'madzi oyera, akuya. Ife nyanja yathu ilibe potulukira madzi. Mitsinje ngati Phalombe ndi Sombani imangothira, madzi n'kumachoka ndi dzuwa basi. N'chifukwa chake ndi amchere pang'ono, amatope, ndipo malo ambiri nsungwi yopondera imafika pansi. Injini ya boti imadzizizira yokha ndi madzi amene ikuyendamo. Ndiye taganizani, ikumwa matope, ikutafuna udzu ndi njedza, pulopela ikukanda pansi. Injini imene ku Mangochi ingathe zaka osaitsegula, kuno imafuna munthu pafupipafupi. Umakanika wa ku Chilwa unabadwa ndi nyanjayo.

Injini imene agogo anga ankaikamba mpaka kumwalira kwawo ndi Seagull, yopangidwa ku Poole, ku England. Achinyamata simunaione. Inalibe chivindikiro, zonse zinali poyera. Chingwe choliza umachita kukulunga wekha pamutu pake, n'kukoka, chikakana ukulungenso. Oyilo inkamwa wambiri, lita imodzi pa malita 10 a petulo, utsi wake kuoneka uli ku Chisi. Koma inali ndi nzeru ziwiri zimene ndimazisirira mpaka lero. Pampu yake ya madzi sinali ya labala wokhuza m'mbali ngati za masiku ano, ndiye mchenga sunkaipweteka msanga. Ndipo pulopela inkagwidwa ndi kasipuling'i, ikagunda chitsa kasipuling'iko ndi kamene kankapindika, giyabokosi n'kupulumuka. Munthu wa sipanala ziwiri, pulaya ndi sikuludiraiva ankaimasula yonse pa mkeka. Anasiya kuzipanga m'ma 1990, koma zinali zitaphunzitsa kale anthu kuti injini si mfiti, ukhoza kuitsegula n'kuibwezera.

Nanga anthuwo sipanala anaidziwira kuti? Ena ku maesiteti a tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo, kumene makolo athu Alhomwe ambiri anagwira ntchito atachoka ku Mozambique. Ena ku migodi. Amene ankapita ku Joni pa Wenela ankabwera ndi njinga, wayilesi, makina osokera, ena gumbagumba. Mu April 1974 ndege yonyamula anthu a ku migodi inagwa ku Francistown, Amalawi oposa 70 n'kufa, Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Unadzayambanso pa Theba, n'kutheratu cha mu 1988. Anthu anabwerera, koma masipeya a katundu wawo sanabwere nawo. Wayilesi ikafa, Joni ali kutali. Ndiye panapezeka madala ena pa Migowi, pa Chiringa, pa Phalombe boma, okhala pakhonde la sitolo ndi mbaula ya makala, chitsulo chowotcherera chili pamoto, akuchotsa kachipangizo mu wayilesi yakufa kuika mu yodwala. Mawayilesi a Nzeru, opangidwa konkuno ku Blantyre, anadutsa m'manja mwawo osawerengeka. Mabatire akatha ankawayanika padzuwa kuti alireko tsiku lina limodzi. Amene munakula nthawi imeneyo mukudziwa.

Njinga ndiye musanene. Matemba a ku Chilwa anafika ku Limbe ndi ku Thyolo pa kaliyala wa Humber ndi Phoenix, dengu lalikulu kuposa mwini wake. Tayala likang'ambika ankalisoka ndi ulusi wa ukonde, chubu chikaboola malo ambiri ankamanga mfundo ndi legeni, chikatheratu ankapakira udzu m'tayala n'kumapita. Pambuyo pake panabwera matola, ma Land Rover otopa, ma Peugeot 404, ma Datsun. Bambo anga amakamba za pikapu ina imene pampu ya mafuta inafa kalekale. Mwini wake anamangirira chigubu padenga, payipi n'kutsika mpaka pa kabuleta, petulo n'kumayenda yekha. Thanki ikadontha ankamata ndi sopo. Sitata inalibe, okwera ndiwo anali sitata, ndipo kulipira munkalipirabe yonse kkkk. Msewu wa Zomba, Jali, Phalombe mpaka Chitakale usanaikidwe tala, galimoto zimenezo ndi zimene zinkatulutsa nsomba zathu, ndipo m'zaka zabwino Chilwa inkadyetsa gawo lalikulu ndithu la dziko lino.

Tsono mphunzitsi wamkulu wa onsewa ndi kuphwa kwa nyanja. Chilwa inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, inachepa kwambiri mu 2012, ndipo mu 2018 ambirife tinaona ndi maso athu njinga zikuyenda pamene tinkaponya matchera. Nyanja ikauma injini ya boti ilibe ntchito, chifukwa kumtunda singalire nthawi yaitali popanda madzi. Mu 1995 anthu anagawikana pawiri. Ena anagulitsa injini pa mtengo wa matumba ochepa a chimanga kwa ogula ochokera ku Mangochi. Sindikuwaweruza, ana ankalira njala. Ena anachita zimene anachita bambo anga. Anakhuthula mafuta onse mu kabuleta, anachotsa pulagi n'kuthira oyilo pabowopo, anakoka chingwe pang'onopang'ono kuti oyilo afike paliponse, anapaka girisi, n'kukulunga injini m'chiguduli n'kuipachika kuchipinda itaimirira. Mwezi uliwonse ankaipukusa kamodzi kuti pisitoni isagwire. Iwo n'kupita kukagwira ganyu pa chigayo, kumene anaphunzira dizilo. Madzi atabwerera, amene anasunga injini ndiwo anayamba kulowa, ndipo amene anagulitsa ambiri anakhala alovi a anzawo. Mabanja ena pa doko pano kusiyana kwawo kunayambira chaka chimenecho, mpaka lero.

Ndiye mukaona makanika wa ku Chilwa akukonza chigayo lero, mawa njinga yamoto, mkuja boti, musamati ndi wosakhazikika. Nyanja ndi imene inamuphunzitsa kuti ntchito imodzi imaphwa.

Za magetsi nazo tili ndi munthu wathu, ngakhale dziko limadziwa kwambiri William Kamkwamba wa ku Kasungu ndi makina ake amphepo. Ife wathu ndi Gabriel Kondesi wa ku Mulanje, ndipo paja mpaka 1998 Phalombe ndi Mulanje linali boma limodzi. Mnyamata ameneyu sukulu anasiyira ku pulayimale, koma anamanga nyumba youlutsira mawu, Pachikweza, ndi mawayilesi akale, foni ndi mawaya, anthu a m'midzi yozungulira n'kumamvera. Mu 2009 anamangidwa chifukwa analibe chiphaso, khoti n'kumulipiritsa K50,000. Anthu akufuna kwabwino anamuthandiza. Lamulo ndi lamulo, mafunde a wayilesi sungangolowamo ngati m'dimba mwako. Koma ine ndili mwana nkhani imeneyo inandiuza chinthu chimodzi, kuti zimene madala a pakhonde aja ankachita si masewera.

Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992 malire anatseguka, ndipo patapita zaka njinga zamoto zotchipa zinayamba kulowa kudzera ku Milange, ma Lifo ndi anzake. Masola ang'onoang'ono anafika mpaka mu zimbowera, asodzi akutchaja foni pakati pa nyanja. M'badwo wanga unaphunzirira pamenepo. Ine nditalemba Fomu 4 ndalama yopitirizira panalibe, ndiye sukulu yanga inakhala Yamaha Enduro 15 ya bambo anga, ndi mdala wina wa pa doko amene ankandituma sipanala chaka chathunthu asanandilole kugwira kabuleta. Iyeyo ndi amene anandiphunzitsa kuti injini umayamba waimvera usanaitsegule, kuti hafu lita ya oyilo pa malita 25 a petulo si malo osungirapo ndalama, ndiponso kuti ukaliza injini diso lako liyambe laona kamkodzo ka madzi kumbuyo. Kakasiya, zimitsa.

Luso limeneli linayesedwa mu March 2023. Freddy atagwetsa mapiri ku Nkhulambe ndi madera ena, ngati mmene Napolo anachitira mu March 1991, madzi anadzaza paliponse ndipo maboti ndi amene anasanduka misewu. Injini zambiri zinali zitamira. Injini yomira siyafa ayi, imafa ukaivuula n'kuisiya padzuwa masiku atatu, dzimbiri n'kugwira mabering'i. Umachotsa mapulagi, kuizondotsa, kukoka chingwe mpaka madzi atuluke, kutsuka matope, kuthira mafuta osakaniza ndi oyilo, kutsuka kabuleta, kuumitsa mawaya, n'kuiliza tsiku lomwelo. Sabata imeneyo tinagona maola owerengeka. Zina zinadzuka, zina ayi. Zimene zinadzukazo zinanyamula anthu ndi ufa.

Koma ndisakunamizeni kuti katoni amachiza chilichonse. Gasiketi ya pa kabuleta kapena pa chivindikiro, katoni amagwira. Ya pa mutu wa silinda, pamene pali moto, musayerekeze. Pini ya pulopela ena amaika msomali, koma msomali ukalimba kwambiri suthyoka pamene ukuyenera kuthyoka, ndiye amathyoka ndi magiya. Ndipo impela, kalabala kopopa madzi kaja, kalibe m'malo mwake.

Pa impela pamenepa ndili ndi mlandu wanga. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 masipeya anakwera moopsa, ena kusowa kumene. Bambo wina, mnzawo wa bambo anga, anandibweretsera injini. Ndinapita m'tauni n'kupeza impela yotchipa pa shopu ina, m'kapaketi kooneka bwinobwino. Nditaigwira ndinamva kuti labala wake ndi wouma, koma ndinaganiza za transipoti yobwereranso, n'kuiika. Inayenda masiku anayi. Lachisanu mapiko anathothoka ali pakati pa nyanja, mnyamata woyendetsa sanayang'ane kamkodzo, pisitoni n'kugwira. Bamboyo anataya miyezi iwiri ya usodzi, mwana wake wa Fomu 2 anakhala pakhomo teremu imeneyo. Atabwera sanakalipe. Anangoti, "Mwanawe, ukanandiuza kuti yabwino kulibe, ndikanapalasa." Ndinawagwirira ntchito ulere mpaka injini inadzuka, koma teremu ija sindinaibweze. Wa shopu anandinamiza, inde, koma dzanja langa linali litandiuza kale.

Chimene chikundidetsa nkhawa pano n'chakuti zinthu zatsopano zikubwera zomata. Kale moto wa injini unkachokera pa mapointi, umapala ndi kamsasa n'kuyeza mpata ndi kapepala. Lero ndi CDI, kabokosi kakuda kothiridwa phula mkati, kakafa kafa. Injini zina zatsopano zimafuna kompyuta kuti zinene pamene zikudwala. Mafoni batire anaimatira mkati. Mafuta zimamwa pang'ono, utsi ndi wochepa, zimenezo n'zabwino ndipo sindikutsutsa. Koma nyanja yathu idzaumanso, sindikudziwa chaka chake koma idzauma, ndipo ndimadzifunsa ngati injini yotero ingapachikidwe m'chiguduli zaka ziwiri n'kudzuka m'manja mwa munthu wa pa doko.

Mdala amene anandiphunzitsa uja maso ayamba kuchita mdima. Dzulo ndinakamuona, anandilozera kuseri kwa nkhokwe. Pali Seagull, yathunthu, koma thanki ndi yoboola ndipo koyilo ndikukayika. Akuti ndiidzutse asanafe amve kulira kwake. Thanki ndiwotcherera ndekha. Koyilo ndiyesa kuyamba ndaiumitsa pafupi ndi mbaula, ikakana ndiye ndifunika ina. Amene muli ku Kachulu, ku Mposa, ku Mangochi kapena ku Nkhotakota, funsani agogo anu ngati kuseri kwa nyumba kuli mutu wa Seagull, ngakhale wadzimbiri. Mundiuze kudzera kwa amene wakutumizirani uthengawu. Loweruka ndikhala pa doko mpaka madzulo, ndili ndi ma Enduro awiri akudikira maring'i.