Kuchoka pa loko wa chitseko kufika pa nambala yachinsinsi

Pomwe Balaka amapatuka ku Machinga n'kukhala boma palokha mu 1998, ntchito zambiri za m'maofesi zinkayendabe ndi taipilaita ndi pepala la kaboni. Kalata yochoka ku Ntaja kapena ku Ulongwe inkadikira thumba la positi, ndipo uthenga wa maliro unkafika msanga ukaulutsidwa pa wailesi ya MBC.

Kompyuta inalipo koma inali ya anthu owerengeka: m'mabanki, ku mishoni ndi m'mabungwe ena. Ku Balaka, a Montfort Media anali atayamba kale kusindikiza magazini ya The Lamp. Amene anagwira ntchito m'maofesi nthawi imeneyo amakumbukira chimakina chokhala ndi chimutu chachikulu, chomwe madzulo ankachifunditsa nsalu kuopa fumbi. Magetsi akathima mwadzidzidzi, zonse zomwe munthu walemba osasunga zinkapita. Disiketi inkanyamula 1.44 MB basi, malo osakwana ngakhale chithunzi chimodzi chabwino cha foni za lero. Chitetezo chake chinali loko pachitseko ndi mlonda panja.

Imelo inayambira kufupi, ku Chancellor College ku Zomba, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pomwe Dr Paulos Nyirenda ndi anzake ankatumiza mauthenga kudzera pa waya wa telefoni. MalawiNet inayamba kugulitsa intaneti mu 1997, ndipo lamulo la 1998 linakhazikitsa bungwe la MACRA. Kenako kunabwera makafe a intaneti, komwe munthu ankalipira potengera mphindi.

M'makafemu ndi momwe ambiri anatsegulira adiresi yoyamba ya Yahoo kapena Hotmail. Nthawi zambiri mnyamata wa pakafe ndi amene ankawasankhira mawu achinsinsi, mwina dzina la mwana kapena chaka chobadwa. Nthawi ikatha, munthu ankadzuka mothamanga osatseka imelo yake, wobwera pambuyo n'kupeza makalata onse ali poyera.

Mbava nazo sizinachedwe. Mu May 2000 vairasi ya ILOVEYOU, yochokera ku Philippines, inafalikira padziko lonse m'masiku ochepa chifukwa inkafika ngati kalata yachikondi kuchokera kwa munthu wodziwika kwa woilandira. Kunalinso makalata olonjeza chuma chamasiye cha munthu wolemera, bola utumize kaye kangachepe. Makalatawa sankathyola makina ayi. Ankangodalira mtima wa munthu wowerengayo.

Lero kompyuta ili m'thumba. TNM inayamba mu 1995, Celtel yomwe pano ndi Airtel inabwera mu 1999, ndipo Airtel Money ndi Mpamba zinayamba mu 2012 ndi 2013. Mayi wogulitsa mpunga wa ku Domasi kapena nsomba za ku nyanja ya Chilwa pamsika wa Liwonde amasunga mpamba wake wonse wa geni m'foni. Akathyali anangosintha chilankhulo. Pano amalemba m'Chichewa: ndalama ija tumizani pa nambala iyi. Mabanja ambiri a ku Machinga ali ndi ana ku Joni, choncho munthu akaimba kuti ndi wonyamula katundu ndipo wakodwa pachipata cha Mwanza, makolo amathamangira kwa ajenti asanafunse mwana wawo.

Boma linakhazikitsa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security mu 2016, ndipo mu 2018 aliyense anayenera kulembetsa simu khadi yake. Izi zimathandiza pofufuza milandu, koma ndalama zikatuluka sizibwerera wamba.

N'chifukwa chake mlonda weniweni tsopano ndi mwini foni. Nambala yachinsinsi sauza ajenti, mnansi, ngakhale woimba amene akuti ndi wa kukampani. Imelo, Facebook ndi banki, chilichonse chikhale ndi mawu akeake achinsinsi, chifukwa wolowa mu imelo amatha kusintha makiyi a zina zonse. Mukagwiritsa ntchito kompyuta ya pamalo osindikizira makalata ofunsira ntchito, tulukani mu imelo musanadzuke. Ndipo mukalandira uthenga uliwonse wokufulumizitsani kutumiza ndalama, imbirani kaye amene akuti wautumizayo pa nambala yomwe mukuidziwa. Achinyamata amene mumadziwa zimenezi, khalani pansi ndi makolo ndi agogo, muwafotokozere m'Chichewa kapena m'Chiyao, chifukwa akathyali amayambira kwa iwowo.