Anthracycline

Anthracycline ndi gulu la mankhwala ofiira opha maselo a khansa poononga DNA yawo, ndipo madokotala amawadalira kwambiri pochiza khansa ya m'magazi.

Woyamba wa mankhwalawa, daunorubicin, anapezeka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 m'bakiteriya wa m'dothi wotchedwa Streptomyces peucetius, wochokera ku Apulia m'dziko la Italy. Ena ndi doxorubicin, idarubicin ndi epirubicin.

Mbali yaphanthiphanthi ya mankhwalawa imadzilowetsa pakati pa timagawo ta DNA, selo n'kulephera kuiwerenga kapena kuikopera. Chachikulu ndi zomwe amachita pa enzaimu ya topoisomerase II, yomwe imadula DNA, kuimasula pomwe yapotana, n'kuilumikizanso. Mankhwalawa amaigwira itangodula, nthambi zonse ziwiri za DNA n'kutsala zoduka, selo n'kufa. Akakumana ndi ayironi amatulutsanso tizinthu towononga maselo. Maselo a khansa ya m'magazi amagawikana msanga, n'chifukwa chake amaonongeka kwambiri.

Amaperekedwa kudzera mumtsempha. Pa khansa ya m'magazi yotchedwa AML, wodwala amalandira mankhwala ena otchedwa cytarabine masiku 7 ndi daunorubicin masiku 3. Mkodzo umafiira, tsitsi limathothoka, maselo oyera a m'magazi amachepa. Mlingo ukachuluka mtima umafooka, choncho madokotala amawerengera wonse womwe munthu walandira pa moyo wake.

Mankhwala ena a khansa oononga DNA ndi cisplatin ndi carboplatin, opangidwa ndi chitsulo cha pulatinamu. Iwo amamanga nthambi za DNA pamodzi.