Mvula tinkaiphunzira povina

Abale anga a kuno kumudzi ndi inu a m'tauni, dzulo kutagwa chizimalupsa ndinapeza zidzukulu zanga zitabisala pansi pa mtengo wa mango, kunja kukung'anima. Mtima wanga unangoti myuu. Ifetu zimenezi anatiletsa ndi nyimbo.

Nthawi ya Kamuzu, cha m'ma 1970, agogo aakazi ankatisonkhanitsa pabwalo mwezi ukawala. Iwo akatsogolera nyimbo, ife tinkavomera ndi thupi lonse. Zala kugwedera m'mwamba, madontho amenewo. Kuponda pansi mwamphamvu, bingu. Agogo akawomba m'manja kuti phaa, ndiye mphenzi, aliyense liwiro la m'nyumba. Wothawira kumtengo ankatuluka m'masewera, anzake n'kumuseka. Ina inali yowoloka mtsinje: madzi akafika m'mawondo, bwerera. Inanso yodzala: kuponya mbewu zitatu paphando, kukwirira ndi phazi. Lero ndi za Sasakawa zija za mbewu imodzi, imeneyo ndiye yofunika kuikonza!

Kusukulu nako tinkaimba. Mu 1994 pulayimale itakhala yaulere ana anachuluka, zinali zabwino ndithu, koma mphunzitsi mmodzi angavinitse bwanji chikhamu chonsecho? Kenako kunabwera mavidiyo ndi mafoni, pabwalo panangoti zii.

Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anationetsa kuti madzi alibe chibale. Mwana wa zaka 4 sangamvetse zanyengo za pawailesi, koma chimene wavina saiwala. Loweruka madzulo ndikhala pabwalo ndi zidzukulu, tumizaniko anu. Inu a m'tauni, mukukumbukira iti? Tikumbutseni.