Chikumbutso

Mawuwa achokera ku mneni wakuti kukumbutsa. Chiliza cha pamanda ndi chikumbutso. Kauthenga kamene abale amalipirira mu Times of Zambia kapena Zambia Daily Mail, pokumbukira tsiku limene m'bale wawo anamwalira, nakonso ndi chikumbutso.

Kauthengaka musakapeputse. Pansi pa chithunzi cha malemu pamakhala tsiku lomwalira, maina a ana ndi adzukulu, nthawi zina ndi kumene ankagwira ntchito. Mdzukulu wa ku komboni ya Matero kapena ya George, amene agogo ake ankalawirira kumafakitale a ku Heavy Industrial Area, angapezemo dzina la azakhali amene banja linasiya kuwatchula. Manyuzipepala akale amasungidwa ku National Archives of Zambia. Koma chikumbutso chimatuluka patapita zaka, choncho tsiku la nyuzipepala si tsiku la maliro.